Nkhondo ya M'dothi ndi Mankhwala Oimitsa Selo

(NYIMBO YOTSEGULIRA. ITSIKE PANG'ONO, WOULUTSA AYAMBE)

 Nthawi yathu ya sayansi yakwana.

Mvula ya chizimalupsa ikangowaza pa nthaka youma, pamabuka kafungo kokoma kamene kamakumbutsa mlimi kuti khasu lisakhale patali. Ambirife timati ndi fungo la mvula, koma mvula payokha ilibe fungo. Amene amalipanga ndi mabakiteriya a m'dothi, a mtundu wotchedwa Streptomyces. Amatulutsa mankhwala otchedwa geosmin, ndipo madontho akagunda pansi amawaulutsira m'mphuno mwathu.

Mu supuni yaing'ono imodzi ya dothi lachonde mumakhala mabakiteriya kuyambira 100 miliyoni mpaka 1 biliyoni. Pambali pawo pali nkhungu, yisiti ndi tizamoyo tina tosawerengeka, ndipo onsewa akulimbirana chakudya chimodzi: tsamba lowola, muzu wakufa, ndowe ya ng'ombe. Streptomyces alibe miyendo yothawira kapena mano olumira. Amangoyala timaulusi take m'dothimo n'kukhala pomwepo. Chida chake ndi mankhwala. Amawathira mozungulira pamene wakhala kuti wofuna kudya naye afooke.

Ena mwa inu munalawapo kale mphamvu ya nkhondo imeneyi. Amene munadwala chifuwa chachikulu kachiwiri zaka za m'mbuyomu mukukumbukira jakisoni wa tsiku ndi tsiku kwa miyezi iwiri. Ameneyo anali streptomycin, amene Albert Schatz ndi Selman Waksman anamupeza mu 1943 pa yunivesite ya Rutgers ku America, kuchokera kwa bakiteriya wa m'dothi. Lero tikamba za abale ake a streptomycin amene amagwira ntchito ina yodabwitsa. Iwo amagwira selo lamoyo n'kuliletsa kugawikana.

Kuti timvetse, tiyambe ndi thupi lanu lomwe. Inu mayi, inu bambo, munayamba muli selo limodzi m'mimba mwa amayi anu. Lero muli ndi maselo pafupifupi 30 thililiyoni, ndipo onsewo anabwera mwa njira imodzi: selo limodzi kukhala awiri, awiri kukhala anayi. Ntchitoyi sinathe. Pamene mukumvera panopa, maselo a m'mafuta a m'mafupa akupanga magazi atsopano, a m'matumbo akulowa m'malo mwa anzawo otha, ndipo bala lija munadzicheka ndi chikwanje likutsekeka chifukwa khungu likugawikana.

Selo silimangoduka pakati chisawawa. Limayenda ulendo wa magawo anayi. Poyamba limadya ndi kukula, ndipo asayansi amalemba gawo limeneli kuti G1. Kenako limakopera malangizo ake onse a chibadwa, DNA, ulusi wotalika pafupifupi mamita 2 wopindidwa m'timitolo 46 totchedwa makromozomu. Ili ndi gawo la S. Likatero limayendera zimene lakoperazo ngati mulibe cholakwika, pa G2. Pomaliza, pa gawo la M, timitolo tija timandandalikana pakati, timaulusi tina n'kutikokera mbali ziwiri, theka uku theka uku, ndipo selo limang'ambika n'kukhala awiri. Kwa selo la munthu limene likuleredwa mu labotale, ulendo wonsewu umatenga pafupifupi maola 24.

Amene munayendapo pa msewu wa Blantyre ndi Lilongwe mukudziwa pa Zalewa. Basi siidutsa mpaka wapolisi atakhutira kuti mapepala ali bwino ndipo matayala ndi abwino. M'selo mulinso marodibuloko otere. Pakutha pa G1 selo limafunsidwa ngati chakudya chilipo chokwanira ulendo. Pakutha pa G2 limafunsidwa ngati DNA yakopedwa yonse popanda kuduka. Mkati mwa M limafunsidwa ngati kamtolo kalikonse kagwidwa ndi ulusi wake. Yankho likakhala ayi, selo limaima. Khansa imayamba pamene marodibuloko amenewa agwa. Selo limadutsa osaima, n'kubereka ana odutsanso osaima, mpaka pamene tikuona chotupa.

Amene anatulukira mmene zimenezi zimayendera ndi Leland Hartwell, Paul Nurse ndi Tim Hunt, amene analandira mphoto ya Nobel mu 2001. Palibe mmodzi mwa iwo amene anayambira pa munthu. Hunt anaphunzira mazira a kanyama kaminga ka m'nyanja yamchere. Hartwell anaphunzira yisiti yofufumitsira buledi. Nurse anagwiritsa ntchito yisiti ina imene wasayansi wa ku Germany, Paul Lindner, anaifotokoza mu 1893 ataipeza mu mowa wa ku East Africa. Mu 1987, Nurse ndi Melanie Lee anatenga yisiti imene jini yake yoyendetsa kugawikana inali yowonongeka, n'kuikamo jini ya munthu. Yisitiyo inayambanso kugawikana. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse ya lero. Makina ogawira selo mwa yisiti ndi mwa munthu ndi ofanana kwambiri moti chimodzi chikhoza kugwira ntchito m'malo mwa chinzake. Choncho bakiteriya wa m'dothi akapanga mankhwala oimitsa nkhungu kapena yisiti imene akulimbirana nayo chakudya, mankhwala omwewo akhoza kuimitsanso selo la khansa mwa munthu, ngakhale kuti bakiteriyayo sanaonepo munthu.

Nanga amawapeza bwanji? Tiyeni tilowe mu labotale tione manja a wofufuza.

Watenga dothi pang'ono, n'kuliumika, chifukwa kuuma kumapha mabakiteriya ambiri wamba koma timbewu ta Streptomyces timapirira. Walisungunula m'madzi owiritsidwa kale, wathiranso madzi kangapo kuti lichepe mphamvu, n'kupaka dontho pa kambale kagalasi kokhala ndi chakudya cholimba pang'ono chotchedwa agar. Waika kambaleko pamalo ofunda, madigiri pafupifupi 28. Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, pamera timadontho. Tina n'tonyezimira, tonyowa, ndipo tomweto amatisiya. Akufuna touma, tolimba, tokhala ndi ufa pamwamba, toyera kapena totuwa, tina totulutsa utoto wofiira kapena wachikasu pansi pake. Akatsegula chivindikiro, fungo la dothi lonyowa limamugunda. Amatola kadontho kalikonse payekha ndi kawaya kowotchedwa pamoto, n'kukalera m'botolo la msuzi limene makina amaligwedeza usana ndi usiku kuti mpweya ulowe.

Msuzi umenewo ndiye amauthira pa yisiti kapena pa maselo a khansa oleredwa m'mbale. Chimene amayang'ana si imfa yokha, pakuti poizoni wamba ndi wosavuta kupeza. Amayang'ana maselo amoyo amene aima pamalo amodzi. Yisiti ya Nurse ija ikaletsedwa kugawikana imapitirizabe kukula, ndiye pa maikulosikopu imaoneka yotalika modabwitsa. Kwa maselo a munthu, amapaka DNA utoto wowala n'kudutsitsa maselowo limodzilimodzi pa makina oyeza kuwalako. Selo la pa G1 limawala muyeso umodzi, limene lamaliza kukopera DNA limawala miyeso iwiri. Akaona kuti pafupifupi onse aunjikana mbali imodzi, amadziwa kuti mu msuzimo muli chinthu chimene chatseka njira. Ndiyeno pamayamba ntchito yotopetsa yogawa msuziwo m'zigawo, kuyesa chigawo chilichonse, kugawanso, mpaka patatsala mankhwala amodzi oyera. Kawirikawiri akawayeza amapeza kuti wina anawatulukira kale zaka makumi apitawo. Amataya, n'kutenga dothi lina.

(NYIMBO YAIFUPI)

Pakati pa nyanja ya Pacific, makilomita oposa 3,500 kuchokera ku gombe la Chile, pali chilumba chimene eni ake amachitcha Rapa Nui, ena amati Easter Island. Chimadziwika ndi ziboliboli zikuluzikulu zamiyala. Kumapeto kwa 1964, gulu la madokotala ndi asayansi lotsogoleredwa ndi Stanley Skoryna wa yunivesite ya McGill linanyamuka ku Halifax, m'dziko la Canada, pa sitima yotchedwa Cape Scott. Pachilumbapo pankayembekezeka kumangidwa bwalo lalikulu la ndege, ndipo iwo ankafuna kuphunzira thanzi la anthu a kumeneko alendo asanachuluke.

M'gululo munali Georges Nogrady, katswiri wa tizilombo wa ku Montreal. Iye anadabwa kuti anthu akuyenda opanda nsapato pamalo podzaza akavalo, koma kafumbata sakuwagwira. Anagawa chilumbacho m'zigawo 67 n'kutapa dothi pa chigawo chilichonse. Dothilo linakafika ku labotale ya kampani ya Ayerst ku Montreal, m'manja mwa gulu limene munali Suren Sehgal, wasayansi wobadwira ku Khushab, dera limene lero lili ku Pakistan. Mu dothi limodzi munamera bakiteriya wotchedwa Streptomyces hygroscopicus, ndipo msuzi wake unkaimitsa Candida, yisiti ija imene imayambitsa zilonda zoyera m'kamwa. Anasindikiza zotsatira zawo mu 1975, n'kutcha mankhwalawo rapamycin, potengera dzina la chilumbacho.

Kenako panabuka vuto. Atayesa pa nyama anapeza kuti rapamycin amafooketsa chitetezo cha m'thupi. Ndani angapatse munthu wodwala matenda a yisiti mankhwala omulanda chitetezo? Sehgal anatumiza ena ku National Cancer Institute ya ku America, ndipo kumeneko anaona kuti amaletsa zotupa kukula. Koma chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 kampani inaganiza zotseka labotale ya ku Montreal, ndipo ntchito ya rapamycin inaimitsidwa.

Sehgal sanalole kuti bakiteriyayo atayike. Anatenga timabotolo take n'kupita nato kunyumba, n'kutiika mu firiji ya banja pafupi ndi ayisikilimu, atalembapo chenjezo loti aliyense asadye. Banjalo litasamukira ku Princeton, ku America, timabotolo tija tinasamuka nawo. Mu 1987 Ayerst itaphatikizana ndi kampani ya Wyeth, Sehgal anadandaulira mabwana atsopano, ndipo analola kuti ntchito iyambirenso. Ine ndimaona kuti apa ndi pamene nkhaniyi ikanathera. Mankhwala ena safa chifukwa cholephera kugwira ntchito, amafa chifukwa chosowa munthu wowakakamira.

Chinsinsi cha mmene rapamycin amagwirira ntchito chinaululika mu 1991 ku Basel, m'dziko la Switzerland. Joseph Heitman, Rao Movva ndi Michael Hall anathira mankhwalawa pa yisiti ya buledi, ndipo maselo onse anaima pa G1. Kenako anafunafuna yisiti zochepa zimene zinkagawikanabe ngakhale zitathiridwa mankhwala, n'kufufuza kuti ndi majini ati amene anasintha mwa izo. Anapeza majini awiri amene palibe ankawadziwa, n'kuwatcha TOR1 ndi TOR2. Mu 1994 magulu ena a asayansi ku America anapeza puloteni yomweyo m'maselo a nyama zoyamwitsa, ndipo lero imatchedwa mTOR. Ntchito yake ndi kuyeza ngati chakudya chilipo. Ikakhutira imauza selo kuti likule, lipange mapuloteni, likonzekere kugawikana. Rapamycin akalowa m'selo amayamba wagwirana ndi puloteni ina yaing'ono yotchedwa FKBP12, ndipo awiriwo amakakhala pa mTOR n'kuitseka pakamwa. Selo limayesa kuti kwagwa njala, limaima, ngakhale chakudya chili mbwee.

Mukamvetsa zimenezi, zonse zimene zinkaoneka zosiyana zimakhala chinthu chimodzi. Candida anaima chifukwa sakanatha kugawikana. Chitetezo chinafooka chifukwa maselo oyera a m'magazi amayenera kuchulukana msanga akaona mlendo, ndipo rapamycin amawaletsa. Chotupa chinaima pa chifukwa chomwecho. Ndipo chimene chinkaoneka ngati chilema chija ndicho chinakhala ntchito yake yoyamba. Munthu akaikidwa impso ya munthu wina, chitetezo chake chimaiukira. Mu 1999 dziko la America linavomereza rapamycin, amene madokotala amamutchanso sirolimus, kuti aziperekedwa kwa anthu otere. Mu 2003 anavomereza timawaya totsegula mitsempha ya mtima topakidwa mankhwalawa, kuti maselo a m'mbali mwa mtsempha asamere n'kutsekanso njira. Mu 2007 ndi 2009 panabwera temsirolimus ndi everolimus, ana a rapamycin, ochizira khansa ya impso. Sehgal mwiniwake anamwalira mu 2003 ndi khansa ya m'matumbo, atauona ndi maso ake mwayi umene anapatsa odwala impso.

(NYIMBO YAIFUPI)

Nkhani yachiwiri ili pafupi ndi kwathu. Dothi lake linatapidwa m'mphepete mwa Zambezi, mtsinje umene umalandira madzi a Shire.

Linakafika ku Braunschweig, m'dziko la Germany, kwa Hans Reichenbach ndi Gerhard Höfle. Iwo sankafufuza Streptomyces, koma mabakiteriya ena amene amayenda mokwawa m'magulu akuluakulu, ovuta kwambiri kuwalera. Mu dothi la ku Zambezi anapezamo Sorangium cellulosum, bakiteriya wodya zomera zakufa, ndipo mu 1987 anapatula mankhwala ake n'kuwatcha epothilone. Poyamba ankaganiza zowagwiritsa ntchito pophera nkhungu m'minda, koma ankawononganso mbewu zomwe, ndiye anawaika pambali.

Mu 1995 asayansi a kampani ya Merck ku America ankafunafuna chilichonse chogwira ntchito mofanana ndi Taxol, mankhwala otchuka a khansa ochokera ku khungwa la mtengo wina. Atayesa zinthu zambirimbiri zachilengedwe, chimene chinayankha chinali epothilone. Mukukumbukira timaulusi tija tokoka makromozomu pa gawo la M? Kuti tikoke, timayenera kumatalika ndi kufupika. Epothilone amatiumitsa. Makromozomu amangokhala pakati osasuntha, selo limaima pa gawo la M, likadikira nthawi yaitali limadziwononga lokha. Chinanso, maselo ena a khansa amaphunzira kulavula Taxol kudzera pa timapampu ta pakhungu lawo, koma epothilone timapamputo sitimugwira bwino. Mu 2007 dziko la America linavomereza ixabepilone, wopangidwa kuchokera ku epothilone B, kwa amayi amene khansa ya m'mawere yafalikira ndipo yakana mankhwala ena. Tinene zonse: chaka chotsatira akuluakulu oona za mankhwala ku Ulaya anakana kumuvomereza, poona kuti amawononga mitsempha ya m'manja ndi m'mapazi kwa odwala ambiri poyerekeza ndi phindu lake. Dothi limapereka chida, koma chidacho sichinasulidwe poganizira thupi la munthu.

Chitsanzo china chachidule ndi staurosporine, amene Satoshi Ōmura ndi anzake anamupeza ku Kitasato Institute ku Japan mu 1977. Ameneyu amatseka makina ambiri a m'selo nthawi imodzi moti sangaperekedwe kwa wodwala. Zinatenga zaka 40 kuti mwana wake wofatsa, midostaurin, avomerezedwe mu 2017 pa mtundu wina wa khansa ya m'magazi.

Mwina wina akufunsa kuti, zonsezi zikutikhudza bwanji ife kuno. Lowani mu wodi ya khansa pa chipatala chachikulu chilichonse. Bleomycin, amene amaperekedwa kwa odwala khansa ya pakhungu ya Kaposi, anachokera kwa Streptomyces amene Hamao Umezawa anamupeza ku Japan. Mankhwalawa amadula DNA, ndipo selo limaima pa G2. Doxorubicin, mankhwala ofiira aja a mudiripi, amene amathandiza pa khansa zambiri kuphatikizapo ya Burkitt imene imatupitsa ana nsagwada ndi mimba, mzere wake unayambira ku dothi lotapidwa pafupi ndi Castel del Monte ku Italy. Ngakhale rapamycin ali ndi mbiri ndi Kaposi. Mu 2005 madokotala a ku Italy analengeza za odwala 15 oikidwa impso amene anatuluka zotupa za Kaposi. Atawasinthira ku sirolimus, zotupa za pakhungu zinazimiririka mwa onsewo m'miyezi itatu. Koma amenewo anali odwala impso. Kwa amene Kaposi yabwera chifukwa cha HIV, maziko a chithandizo ndi ma ARV pamodzi ndi mankhwala amene dokotala wasankha.

Ndipo pano ndikufuna kulankhula mwachindunji ndi inu amene mukusamalira wodwala khansa. Mwaona tsitsi likuthothoka, m'kamwa mukutuluka zilonda, magazi akuchepa, ndipo achibale ena akuti mankhwala a kuchipatala akumupha, timutenge. Chonde, musamuchotse musanalankhule ndi dokotala. Mankhwalawa amalimbana ndi maselo amene akugawikana, ndipo m'thupi labwinobwino maselo ogawikana msanga ali kumizu ya tsitsi, m'kamwa, m'matumbo ndi m'mafupa. N'chifukwa chake ndi malo amenewa amene amavutika. N'chifukwa chakenso mankhwala amaperekedwa modumphitsa masabata, kuti maselo abwino achire. Tsitsi limameranso. Koma mukadukiza chithandizo pakati, maselo a khansa amene anatsala amayambiranso ulendo wawo. Wodwala akatentha thupi ali pa mankhwalawa, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa chitetezo chake chimakhala chotsika.

Wina asatengenso mawu anga n'kukadya dothi la pachulu poti muli mankhwala a khansa. Zimene zili m'dothi ndi zochepetsetsa, zosakanikirana ndi mazira a njoka zam'mimba ndi tizilombo ta kafumbata. Pakati pa dothi ndi botolo la kuchipatala pamadutsa zaka makumi, monga mwamvera.

Chatsala chimodzi chimene chimandilemera mumtima. Dothi la ku Rapa Nui linabala mankhwala amene apindulitsa makampani ndalama zankhaninkhani, ndipo pachilumbapo pali chikwangwani chachitsulo chokumbukira zimenezi, koma eni nthaka sanagawiridwe phindulo. Pa nthawi imene dothi la ku Rapa Nui ndi la ku Zambezi linkatapidwa, kunalibe pangano la mayiko lokakamiza wotapayo kugawana ndi eni ake. Pangano la zamoyo zachilengedwe linabwera mu 1992, ndipo la Nagoya, lofotokoza za kupempha chilolezo ndi kugawana phindu, linavomerezedwa mu 2010 n'kuyamba kugwira ntchito mu 2014. Malawi ali m'gulu la mayiko amene analowa m'panganoli. Inu mafumu, mlendo akabwera ndi timabotolo kudzatapa dothi kapena madzi m'dera lanu kuti akafufuze, muli ndi ufulu womufunsa chilolezo cha boma ndi chimene anthu anu adzapindule.

Koma pangano lokha silimeretsa bakiteriya m'mbale. Gawo loyamba la ntchito imene ndafotokoza ija, kuumika dothi, kulera timadontho, kuyesa msuzi pa yisiti, silifuna makina a mamiliyoni. Labotale ya pa yunivesite zathu ikhoza kuligwira. Ndipo ntchito ikadalipo yambiri. Mu 2002 asayansi a ku Britain atawerenga DNA yonse ya Streptomyces coelicolor, bakiteriya amene anali atamuphunzira kwa zaka makumi anayi, anapeza kuti ali ndi magulu a majini oposa 20 opangira mankhwala, pamene iwo ankadziwa ochepa chabe. Enawo amakhala chete m'botolo la mu labotale, ndipo ofufuza tsopano akuyesa kuwadzutsa pomulera pamodzi ndi adani ake a m'dothi. Inu a Fomu 3 ndi Fomu 4 amene mukuphunzira za kugawikana kwa maselo, mutuwo muugwiritse, chifukwa ofufuza dothi la ku Mulanje, ku Nyika ndi m'dambo la Chilwa adzafunika kuchokera pakati panu.

Nthawi yathu yatha. Tikumanenso sabata yamawa nthawi ngati yomwe ino. Tsalani bwino.

(NYIMBO YOTSEKERA)